Zolemba za ntchito: kuchepetsa zithunzi za mamembala mu pulogalamu ya makhadi a makalabu a alimi ku Dedza

Kumayambiriro kwa Juni

Pulogalamu yomwe tikulembayi ndi ya pa kompyuta ya mu ofesi, ya Windows, ndipo ntchito yake ndi kusunga mayina a mamembala a makalabu a alimi a mbatata ya kachewere a m'madera a Bembeke, Linthipe ndi Mayani, komanso kukonza makhadi omwe mamembalawo azionetsa polandira mbewu ndi feteleza wa ngongole. Gawo la mayina linatha kale ndipo likugwiritsidwa ntchito. Mwezi uno tayamba gawo la zithunzi, lomwe cholinga chake ndi chakuti mlembi akalandira chithunzi cha membala kuchokera kwa mlangizi, asamatsegulenso pulogalamu ina kuti achichepetse pamanja, koma pulogalamu yathu izichita zimenezi yokha ndipo izichita mofanana nthawi zonse.

Tikulemba mu chilankhulo cha makompyuta cha C#, pogwiritsa ntchito System.Drawing, zida zogwirira ntchito pa zithunzi za mu .NET (maziko omwe mapulogalamu a C# amayenderapo), zomwe zimadalira GDI+ ya Microsoft, gawo la Windows lojambula zithunzi. Kuyambira pa .NET 6 zida zimenezi zimavomerezeka pa Windows pokha, koma popeza makompyuta onse omwe pulogalamuyi idzaikidwepo ndi a Windows, sitinaone chifukwa chofunira zina.

Miyezo taigwirizana motere. Khadi ndi lofanana kukula ndi la ku banki, mamilimita 85.6 m'litali ndi pafupifupi 54 m'lifupi, ndipo malo a chithunzi ndi mamilimita 30 m'lifupi ndi 40 kuchoka pamwamba kufika pansi. Pulinta imasindikiza madontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo poti inchi ndi mamilimita 25.4, chithunzi chomaliza chiyenera kukhala cha mapikiselo (timadontho tomwe timapanga chithunzi) 354 ndi 472. Mafoni ambiri a alangizi amajambula zithunzi za mapikiselo 3000 ndi 4000, kutanthauza kuti mbali iliyonse iyenera kuchepa pafupifupi ka 8.5, ndipo pikiselo imodzi ya pa khadi ikuimira mapikiselo pafupifupi 72 a chithunzi choyambirira. Pulogalamu yakale yomwe imasanja makhadi asanasindikizidwe imangowerenga mafayilo a zithunzi a mtundu wa BMP, choncho pa membala aliyense tizitulutsa BMP ya pa khadi, komanso kachithunzi ka JPEG ka mapikiselo 90 ndi 120 koonetsa pa mndandanda wa mayina. Chithunzi choyambirira sichisinthidwa ngakhale pang'ono. Chimakoperedwa mu foda yakeyake, kuti miyezo ikadzasintha tidzayambirenso pa icho.

Pakati pa Juni

Nkhani yoyamba kuithetsa yakhala ya kufanana kwa mbali. Chithunzi cha 3000 ndi 4000 chili kale pa muyezo wa 3 kwa 4, wofanana ndi wa malo a pa khadi, ndipo chimachepa popanda vuto. Koma mafoni ena anatcheredwa kuti azijambula zithunzi zazitali za 1080 ndi 1920, ndipo alangizi ena amajambula foni itagonekedwa chammbali. Chithunzi chotere chikangokakamizidwa kulowa mu 354 ndi 472, nkhope imaphwatalala kapena kutalika, ndipo munthu yemwe amadziwika bwino m'mudzi mwake amaoneka ngati mlendo. Makhadi ena akale omwe a mlembi anationetsa anali otero, ndipo anatiuza kuti pa tsiku logawa feteleza pankabuka mikangano yosafunika chifukwa ogawa ankakayikira ngati khadi lili m'manja mwa mwini wake. Ichi ndicho chifukwa chake gawo la zithunzi sitikuliona ngati lokongoletsa chabe: khadi lomwe nkhope yake siikudziwika limachititsa kuti mlimi wosalakwa aziima pa mzere akudzifotokozera.

Talamula kuti pulogalamu isamatambasule chithunzi mbali imodzi yokha. Imayamba yagawa 354 ndi mulifupi wa chithunzi, kenako 472 ndi mulitali wake, n'kusankha nambala yaikulu pa ziwirizo kuti malo onse adzaze, ndipo chotsala imachidula. Pa chithunzi cha 1080 ndi 1920, mbali yomwe imatsala ndi 1080 ndi 1440, ndipo mizere 480 imachotsedwa. Tinaona kuti kudula mofanana pamwamba ndi pansi kumachotsa mpango wa kumutu kapenanso chipumi, chifukwa ojambula ambiri amaika mutu kumtunda kwa chithunzi, choncho pulogalamu tsopano imadula kwambiri kumunsi. Ngakhale zili choncho, taika kabokosi komwe mlembi angakakoke ndi mbewa ya kompyuta kapena kukakulitsa, koma muyezo wake wa 3 kwa 4 susintha. Makina sangadziwe okha pomwe pali nkhope pokhapokha titawonjezera zida zina zolemera, ndipo maso a mlembi yemwe amawadziwa mamembala ndi odalirika kuposa zimenezo.

Kumapeto kwa Juni

Nthawi yambiri ya mwezi uno yathera pa kusankha njira yowerengera mitundu ya mapikiselo atsopano, ndipo ndikulemba mwatsatanetsatane kuti wodzapitiriza ntchitoyi asadzasinthe zomwe tasankha pongofuna liwiro.

Njira yachangu kuposa zonse ndi NearestNeighbor, yomwe pa pikiselo iliyonse yatsopano imangotenga mtundu wa pikiselo imodzi yoyandikira ya chithunzi chakale n'kusiya zina zonse. Zili ngati kuweruza thumba lonse la kachewere poyang'ana mbatata imodzi ya pamwamba: pa mapikiselo 72, imodzi yokha ndiyo ikulankhulira onse. Zotsatira zake zinali zoipa monga momwe tinkayembekezera, m'mphepete mwa makutu ndi mapewa munali manomano, ndipo kuwala kwa m'maso kunkaoneka diso limodzi, lina n'kusowa. Njira ya Bilinear imaphatikiza mapikiselo 4 oyandikana, ndipo ya Bicubic, yomwe masamu ake odziwika kwambiri anafalitsidwa ndi Robert Keys mu 1981, imaphatikiza 16. Zonsezi ndi zabwino pokulitsa chithunzi kapena pochichepetsa pang'ono, koma malangizo a Microsoft amanena momveka kuti Bilinear siyoyenera pochepetsa chithunzi kupitirira theka la kukula kwake, ndipo Bicubic siyoyenera kupitirira gawo limodzi la magawo anayi. Ife tikuchepetsa kufika pa gawo limodzi la magawo asanu ndi atatu ndi theka, choncho ngakhale Bicubic imasiya mapikiselo ambiri osawerengedwa.

Vutoli linaonekera kwambiri pa zovala. Amayi ambiri amajambulitsa atavala chitenje kapena mpango wa timizere ndi timadontho tothithikana, ndipo abambo ena amavala malaya a timabokosi ting'onoting'ono. Timizere totere tikawerengedwa modumphadumpha, pa chithunzi chochepetsedwa pamatuluka mizere ina ikuluikulu yokhotakhota, nthawi zina ya mitundu yomwe pa nsalu yeniyeniyo palibe. Amayi ena a ku Bembeke, omwe ndi msungichuma wa kalabu yawo, ataona khadi loyeserera anafunsa a mlembi kuti chovalacho anawaveka ndani, chifukwa iwo alibe chitenje chotero. Funso lawo linali loona, ndipo chithunzi chawo tachisandutsa chimodzi mwa zomwe timayesera pulogalamu nthawi iliyonse tikasintha khodi, iwo atavomera.

Tasankha InterpolationMode.HighQualityBicubic. Kusiyana kwake ndi kwakuti imayamba yasefa chithunzi molingana ndi kuchuluka kwa kuchepetsako, kotero kuti mapikiselo onse a m'dera lomwe likusanduka pikiselo imodzi amakhala ndi gawo lawo pa mtundu womaliza. Mizere yachilendo ija yasowa, m'mphepete mwa nkhope mwasalala, ndipo makwinya ndi zipsera zomwe zimamuzindikiritsa munthu zikuoneka. Imachedwerapo poyerekeza ndi zinazo, makamaka pa laputopu yakale ya mu ofesi, koma chithunzi chimachepetsedwa kamodzi kokha pomwe khadi limagwira ntchito kwa zaka.

Panatsala kamzere kotuwa komwe kankaoneka m'mphepete monse mwa chithunzi, makamaka pomwe kumbuyo kwa munthu kuli khoma loyera. Kamzereka kamabwera chifukwa chakuti powerengera mapikiselo a m'mphepete, GDI+ imafuna oyandikana nawo a kunja kwa chithunzi, ndipo poti kulibe, imaphatikiza ndi malo opanda mtundu. Tathana nako popereka ImageAttributes yokhala ndi WrapMode.TileFlipXY ku DrawImage (lamulo lomwe limajambula chithunzi chochepetsedwacho), zomwe zimachititsa kuti kunja kwa malire kuzioneka ngati chithunzi chomwecho chitatembenuzidwa monga pa kalilole. Taikanso PixelOffsetMode pa HighQuality kuti chithunzi chisamasunthe ndi theka la pikiselo.

Sabata yoyamba ya Julayi

Zithunzi zina zinkatuluka zitagona chammbali ngakhale kuti pa foni ndi pa Windows zinkaoneka zoongoka. Makamera ambiri a pa foni sasuntha mapikiselo munthu akaimika foni. Amangolemba mu EXIF, gawo la fayilo losunga uthenga wokhudza chithunzicho, pa chizindikiro cha nambala 274, mmene chithunzicho chiyenera kutembenuzidwira pochionetsa. Nambala 1 imatanthauza kuti chili bwino, 3 kuti chili chadodolido, 6 kuti chizungulizidwe madigiri 90 kutsata kayendedwe ka wotchi, ndipo 8 kuti chizungulizidwe mbali inayo. System.Drawing siitsatira yokha chizindikirochi, choncho tsopano timachiwerenga ndi kuitana RotateFlip, lamulo lotembenuza chithunzi, tisanayambe kuyeza kapena kudula chilichonse. Nambala zonse kuyambira 1 mpaka 8 zasamaliridwa, kuphatikizapo zomwe zimatembenuza chithunzi monga pa kalilole.

Mu EXIF momwemo mumatha kukhala malo enieni omwe chithunzi chinajambulidwira, ndipo alimi ambiri amajambulidwa pakhomo pawo. Chithunzi chochepetsedwa chimalembedwa pa Bitmap (chosungira mapikiselo mkati mwa pulogalamu) yatsopano ndipo sichitenga uthenga umenewu, koma foda ya zithunzi zoyambirira ili nawo, choncho tapempha kuti foda imeneyo isamakoperedwe pa fulashi popita kosindikiza.

Pakati pa Julayi

Tawonjezera batani lochepetsera foda yonse nthawi imodzi, ndipo poyesera koyamba pulogalamu inkatsekeka yokha isanamalize kalabu imodzi. Chithunzi cha JPEG chomwe pa disiki chimatenga mamegabayiti atatu kapena anayi chimafufuma chikatsegulidwa: mapikiselo 3000 kuchulukitsa ndi 4000, kuchulukitsanso ndi mabayiti atatu a pikiselo iliyonse, ndi mabayiti 36 miliyoni. Zithunzi 100 zikakhala zotsegula pamodzi zimafuna mabayiti 3.6 biliyoni a RAM (malo omwe kompyuta imasungiramo zomwe ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo), pomwe pulogalamu ya 32-bit nthawi zambiri imapatsidwa magigabayiti awiri okha. Malo amenewa amagwiridwa ndi GDI+ kunja kwa gawo lomwe .NET imayang'anira, kotero .NET imaona ngati Bitmap ndi kanthu kakang'ono ndipo siifulumira kukachotsa. Tsopano Bitmap, Graphics ndi ImageAttributes iliyonse ili mkati mwa using, kuti Dispose, yomwe imamasula malowo, iitanidwe chithunzi chotsatira chisanatsegulidwe, ndipo RAM yomwe pulogalamu ikugwiritsa ntchito siikukweranso ngakhale foda ikhale yaikulu.

Zinthu ziwiri zokhudza Image.FromFile, yomwe imatsegula chithunzi kuchokera pa disiki, ziyenera kulembedwa pano. Choyamba, imagwira fayilo mpaka chithunzi chitatsekedwa, ndipo mlembi sankatha kusuntha kapena kusintha dzina la chithunzi chomwe chili pa sikirini; tsopano timawerenga fayilo yonse kulowa mu MemoryStream, mu RAM, n'kuisiya fayiloyo. Chachiwiri, ikapatsidwa fayilo yoonongeka kapena yomwe si chithunzi, imapereka OutOfMemoryException, uthenga wonena kuti RAM yatha, womwe umasocheretsa chifukwa RAM imakhala ilipo yokwanira. Mafayilo otere ndi ambiri kuno, popeza netiweki imaduka chithunzi chisanathe kutsika. Pulogalamu tsopano imadumpha fayilo yotere, kuilemba pa mndandanda, ndi kuuza mlembi m'Chichewa kuti apemphe mlangizi atumizenso.

Ntchito yochepetsa yasamutsidwira ku Task.Run, yomwe imaigwira kumbali, kuti sikirini isamaume, ndipo pali kamzere koonetsa pomwe yafika. Zithunzi zikuchepetsedwa chimodzichimodzi, chifukwa zinthu za GDI+ sizilola kugwiridwa ndi ntchito ziwiri pa nthawi imodzi, komanso laputopu ya mu ofesi ilibe RAM yokwanira zithunzi zingapo zazikulu. Popeza magetsi amatha kuzima ntchito ili mkati ndipo batire ya laputopuyo siisunga moto, fayilo iliyonse imayamba yalembedwa ndi dzina losakhalitsa, kenako imapatsidwa dzina lake lenileni ikatha yonse. Pulogalamu ikatsegulidwanso imapitiriza pomwe inalekezera.

Kumapeto kwa Julayi

Makhadi oyamba osindikizidwa anatuluka ndi chithunzi chachikulu kuposa khadi lenilenilo, ngakhale kuti mapikiselo anali 354 ndi 472 monga momwe tinafunira. Bitmap yatsopano imatenga muyezo wa sikirini, womwe nthawi zambiri ndi madontho 96 pa inchi, ndipo pulogalamu yosanja makhadi imakhulupirira nambala imeneyo: mapikiselo 354 pa madontho 96 ndi mamilimita pafupifupi 94. Kuitana SetResolution ndi 300 mbali zonse ziwiri kwakonza zimenezi. Mu fayilo ya BMP muyezowu umalembedwa pa mita, ndipo tatsimikizira kuti nambala yomwe ili m'menemo ndi 11811.

Pulogalamu yosanjayo inakananso mafayilo a mabayiti anayi pa pikiselo, choncho Bitmap yomaliza timaipanga ndi Format24bppRgb, ya mabayiti atatu pa pikiselo. Pofufuza zimenezi tinatsegula fayilo kuti tione mabayiti ake, ndipo ndi bwino kulemba mmene BMP imakhalira chifukwa tidzazifuna posachedwa. Kumayambiriro kuli mabayiti 14 onena za fayilo ndi ena 40 onena za chithunzi, kenako mizere ya mapikiselo, yomwe imayambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo mu pikiselo iliyonse mtundu wa buluu umayamba, wobiriwira pakati, wofiira pomaliza. Mzere uliwonse uyenera kukhala ndi mabayiti ogawika ndi 4. Wathu ndi 354 kuchulukitsa ndi 3, zomwe ndi 1062, choncho pamawonjezeredwa mabayiti awiri opanda ntchito kuti akwane 1064. Mizere 472 ya mabayiti 1064, kuphatikiza 54 a kumayambiriro aja, ikupereka mabayiti 502,262, ndipo fayilo yathu ili ndi kukula komweko. Aliyense wogwiritsa ntchito LockBits, njira yofikira mabayiti a chithunzi mwachindunji, ayenera kudumpha kuchoka pa mzere wina kupita pa wina pogwiritsa ntchito Stride (kuchuluka kwa mabayiti a mzere wonse, kuphatikizapo owonjezera aja), osati kuchulukitsa mulifupi ndi 3, apo ayi chithunzi chimatuluka chopendekeka. GetPixel ndi SetPixel, zomwe zimawerenga ndi kulemba pikiselo imodzimodzi, sitikuzigwiritsa ntchito chifukwa ndi zochedwa kwambiri pa zithunzi za mapikiselo mamiliyoni.

Tizithunzi ta pa mndandanda tikusungidwa ngati JPEG pa mulingo wa ubwino wa 85 pa 100, ndipo timapangidwa kuchokera ku chithunzi choyambirira, osati ku BMP yochepetsedwa kale.

Ogasiti

Funso lomwe latenga nthawi pokambirana ndi a komiti ndi la zithunzi zazing'ono kuposa malo a pa khadi. Zomwe zimabwera pa WhatsApp mwa nthawi zonse zimakhala zitachepetsedwa kale ndi kufinyidwa, koma zambiri zimakhalabe zazikulu mokwanira, pokhapokha ngati munthu anajambulidwa patali ndipo nkhope yake ndi kagawo kochepa ka chithunzicho. Zovuta kwenikweni ndi zochokera m'mafoni ang'onoang'ono a mabatani. Kukulitsa chithunzi sikubweza zomwe kamera sinajambule. Bicubic imangodzaza mipata ndi mitundu ya pakati, ndipo nkhope imaoneka mwachimbuuzi. Tagwirizana kuti malire akhale madontho 200 pa inchi, omwe pa mamilimita 30 ndi mapikiselo 236. Gawo lodulidwa likakhala la 240 ndi 320 limalandiridwa ndipo limakulitsidwa pafupifupi kamodzi ndi theka, mlembi atachenjezedwa, koma la 120 ndi 160, lomwe lingapereke madontho pafupifupi 100 pa inchi, limakanidwa.

A wapampando anadandaula kuti kukana chithunzi kumatanthauza kuti mlangizi abwererenso kumudzi komwe kuli kutali, pa njinga, ndipo mamembala ena ndi okalamba oti sangabwere pa boma. Dandaulo limeneli ndi lomveka ndipo sitinalichepetse. Komabe ndinaumirira kuti malirewo akhalepo, chifukwa agogo omwewo ndi amene adzavutike kwambiri pa tsiku logawa ngati nkhope yawo siikuoneka pa khadi. Tamvana kuti pulogalamu izitulutsa mndandanda wa okanidwa motsata kalabu ndi mudzi, kuti mlangizi akawajambulenso onse pa msonkhano wa kalabu womwe ulipo kale. Talembanso kapepala ka malangizo kwa alangizi: foni iziimikidwa, munthu azijambulidwa kuyambira pachifuwa, azikhala pa mthunzi atayang'ana komwe kukuchokera kuwala osati atafulatira zenera kapena dzuwa, ndipo chithunzi chizitumizidwa pa WhatsApp ngati dokumenti kuti chisafinyidwe. Zithunzi zomwe zinajambulidwa m'masiku a mitambo a Juni ndi Julayi zatuluka bwino kuposa za dzuwa la masana, chifukwa kuwala kwake sikusiya mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa chipewa.

Nkhani yomwe ikadali yotseguka ndi ya kuwala pochepetsa. Manambala a mitundu mu sRGB, muyezo womwe zithunzi zambiri zimasungira mitundu, sakwera mofanana ndi kuwala kwenikweni, kotero kuphatikiza pikiselo yakuda ya 0 ndi yoyera ya 255 kumapereka 128, pomwe theka lenileni la kuwalako lili pafupi ndi 188. Zotsatira zake n'zakuti timalo towala tating'ono pakati pa malo akuda timada pang'ono chithunzi chikachepa. Pa nkhope zambiri kusiyanaku ndi kochepa, koma pa zithunzi zojambulidwa m'nyumba, momwe kuwala kwa pa masaya ndi pa mphuno ndiko kumaonetsa maonekedwe a munthu, ndikufuna kuti tiyese tione ndi maso athu. Tilemba njira yathu yoyeserera ndi LockBits, yomwe izisandutsa manambala kukhala kuwala kwenikweni, kuwaphatikiza, kenako kuwabwezera ku sRGB, ndipo tisindikiza makhadi a njira ziwirizi moyandikana pa pulinta yomweyo kuti a mlembi ndi alangizi asankhe osauzidwa kuti khadi ili lachokera ku njira iti. Makhadi a makalabu a ku Linthipe asindikizidwa sabata ya mawa ndi HighQualityBicubic monga momwe zilili pano, ndipo a ku Mayani adikira kaye zithunzi zomwe zikukajambulidwanso.